Firewall yaku ofesi ndi apongozi anga

Ku ofesi kwathu atagula firewall yatsopano (chida chosefa zolowa ndi zotuluka pa intaneti motsatira malamulo amene wachipatsa), yakale anaiponya pakona pamodzi ndi makiyibodi othyoka, kudikira ogula zitsulo. Mtima unandipweteka. Bokosi lofiira, lophwatalala mainchesi 19 kuti lizikwanira mu rack (shelefu yachitsulo yoikamo zida zotere), limene linkalondera makompyuta a kampani yonse, likathere pasikelo? Ndinapempha abwana, anandilembera kakalata kotulukira pageti, ndipo ndinakwera nalo minibasi ya ku Area 25 nditalifungatira. Kondakitala anati nalonso lilipire mpando.

Mkati mwake ndi kompyuta wamba: purosesa ya Intel, memory, ndi kakhadi ka CompactFlash m'malo mwa hard disk. Laisensi yake inali itatha, ndiye ndinafufuta zonse n'kuikamo pfSense, pulogalamu yaulere ya firewall. Pobaya monitor palibe, umalankhula nalo kudzera pa chingwe cha console cholumikiza ku kompyuta ina. Litadzuka linadzipatsa adiresi ya 192.168.1.1, yomweyomweyo ya router yathu, intaneti n'kungoti zii mpaka nditasamutsa mmodzi wa awiriwo.

Koma phokoso! Zinthu izi anazipangira chipinda cha maseva chotseka chitseko, chokhala ndi air conditioner, kumene sikugona munthu. Pabalaza pathu timafani take tinkalira moti a landilodi anagogoda kudzafunsa ngati ndatsegula chigayo popanda kuwauza, poti lendi ya malo a bizinesi ndi ina.

Sabata yomweyo kunabwera apongozi kuchokera ku Dedza kudzaona mdzukulu. Tinawayalira matiresi pabalaza. Magetsi anali atathima chakumadzulo, bokosi lili phee pansi pa TV, ndipo palibe anakumbuka kuwafotokozera za mnzawo wogona naye.

Cha m'ma 2 koloko usiku magetsi anabwera. Bokosi likamayaka, mafani amayamba ndi mphamvu zonse, timagetsi tobiriwira n'kumaphethira mumdima, ndipo pfSense ikamaliza kudzuka imaimba kanyimbo kake ka mabipu. Ndinadzidzimuka ndi mfuu: "M'dzina la Yesu! Bwerera kumene wachokera!"

Ndinathamanga ndi kabudula wogonera yekha, ine mkamwini amene ngakhale masana sindiyang'anizana nawo. Ndinawapeza atalivundikira ndi bulangete, aligwira mwamphamvu kuti lisauluke. Litasowa mpweya linayamba kutentha, mafani n'kuwonjezera kulira, iwo n'kuwonjezera pemphero.

"Amayi, pepani, ndi mlonda wa intaneti ameneyo," ndinatero nditanjuta kuseri kwa chitseko, dzanja lina likufufuza chitenje choti ndidzifunde.

"Mlonda wanji woimba usiku? Mwanangu, amuna akowa akuweta chiyani m'nyumba muno?"

Mayi akunyumba m'malo mondithandiza anakhala pansi, misozi ili chuchuchu ndi kuseka.

Kutacha ndinafuna kuchotsa manyazi. Ndinatsegula laputopu kuti banja lonse lione adani amene mlonda wathu wawabweza. Pa mndandanda wa zida zolumikizidwa panali chimodzi chokha, laputopu yomwe ndinanyamulayo. Mafoni ena onse kunalibe.

"Abambo, chiyambire malamulo anu aja a m'bokosimo WhatsApp call sikulowa," anatero mayi akunyumba akupakula phala. "Ife tinabwerera ku mabandulo kalekale. Ndalama zake ndimachotsa pa za ndiwo."

Ndisanapeze choyankha, mita ya magetsi inayamba kulira kuti mayunitsi atsala pang'ono, pamene mwezi unali usanafike n'pakati pomwe. Apongozi anaimva, anaika supuni pansi, n'kuyamba kuyang'anayang'ana bulangete lawo.