Zikomo kwa inu amene munabweranso

Lamulungu lapitali amuna anga analowa m'tchalitchi akuyenda okha, ndodo ili m'manja, patatha miyezi 8 chidwalireni sitiroko. Ena munalira nane limodzi. Ndakhala ndikufuna kulemba mawu awa kuyambira tsiku lomwelo, koma ndikangoyamba misozi imanditsekereza.

Sinditchula mayina, poti ena mwa inu mumagwiritsitsa mawu a pa Mateyu 6:3, oti dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita. Mudzizindikira nokha.

Sabata yoyamba kuchipatala munabwera ambirimbiri, mpaka anamwino kumabweza ena pakhomo. Foni sinkapuma. Zonsezo ndikuthokoza. Koma sitiroko sithera kuchipatala. Wodwala akatuluka m'pamene ntchito imayamba: kumutembenuza usiku kuti asatuluke zilonda, kumusambitsa, kumumwetsa madzi pang'onopang'ono kuti asatsamwe, kumuperekeza ku mafizo. Pofika mwezi wachitatu foni inali zii. Sindikudandaula ayi, aliyense ali ndi katundu wake.

Nthawi imeneyo m'pamene munatulukira inu mayi a nyumba yoyandikana nafe. Sitipemphera mpingo umodzi, ndipo chaka chatha tinayambana chifukwa cha ana, moni weniweniyo tinkachita kukokerana. M'mawa wina munalowa n'kupeza zofunda za odwala zili m'beseni kuseri kwa chitseko, komwe ndinazibisa chifukwa cha manyazi. Simunandifunse kanthu. Munangonyamula beseni lija, kukachapa, kuyanika, n'kunditsanzika ngati munangobwera kudzapereka moni. Lachisanu munabweranso. Lachiwiri lotsatira munabweranso. Mukanandifunsa kuti "Tikuthandizeni chiyani?" ndikanayankha kuti tili bwino, chifukwa ndi mmene ndinkayankhira aliyense.

Zikomonso iwe mwana wanga wa kukwaya, amene unkabwera Loweruka lililonse kudzawameta ndevu bambo. Lilime lawo linali lolemera, mawu amodzi ankatha kuwatengera mphindi yathunthu. Ife tonse, ndi ine ndemwe, tinkawamalizitsira ziganizo kuti asavutike. Iwe unkaimitsa lumo, thovu lili kutsaya, n'kudikira mpaka amalize okha. Anandiuza pambuyo pake kuti pamene ankamva kuti akadali munthu ndi pampando umenewo.

Fanizo la Msamariya wachifundo pa Luka 10 ndalimva kuyambira ndili mwana, koma ndinkangoona mafuta ndi vinyo pamabala, ndi wovulala atakwezedwa pa bulu. Vesi 35 ndinkalidumpha. M'mawa mwake Msamariya uja anapatsa mwini nyumba ya alendo ndalama ziwiri, malipiro a masiku awiri a munthu waganyu nthawi imeneyo, n'kunena kuti zina zimene zidzawonongedwe adzalipira pobwerera. Analonjeza kubweranso kwa munthu amene sankamudziwa n'komwe. Ndinaliwerenga usiku wina ndikudikira ola lowatembenuza bambo, ndipo m'maso mwanga munabwera beseni lija.

Analipo ena amene anabwera kudzandifotokozera chifukwa chimene Mulungu watikanthira, ati mwina pali tchimo lobisika m'nyumba muno. Zinandipweteka, koma ndinakhululuka. Anzake a Yobu aja anakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osalankhula kanthu, ndipo ine ndimaona kuti anachita bwino kwambiri mpaka pamene anatsegula pakamwa.

Nanenso ndili ndi mlandu wanga. Zaka zonsezi ndakhala katswiri wa "Tikupemphererani" kwinaku ndikuyang'ana wotchi. Yakobo 2:16 amanena za munthu wouza mnzake wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere, akafunde ndi kukhuta, osamupatsa kanthu. Ndinkaganiza kuti akunena anthu ena.

Kwa inu amene munkatinyamula pagalimoto kupita ku mafizo n'kukana ndalama ya mafuta, inu amene munatenga ana athu kukagona kwanu masiku a mayeso, ndi inu amene munasiya envulopu yopanda dzina pansi pa chitseko kawiri konse, Mulungu akudziwani ngakhale ine sindikudziwani nonse.

Bambo akupitiriza mafizo, dzanja lamanzere likadali lofooka, choncho musaleke kutikumbukira m'mapemphero. Ndawawerengera zonsezi ndisanatumize, ndipo andiuza kuti ndiwonjezere mawu awo, omwe anawanena okha mpaka kumapeto: "Ndevu ndayamba kumeta ndekha, koma mnyamata uja asasiye kubwera."