Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Tsiku Limene Ndinadziwa Chimene Chinapha Mlongo Wanga

Gawo lapita ndinasiyira pamene ndinalandira kalata yondiitana ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, kukaphunzira za u clinical officer. Ndisanapitirize, pali munthu amene ndakhala ndikumulambalala m'magawo onsewa, ndipo lero sindingamulambalalenso. Ndi mlongo wanga, wopondana nane pamutu.

Anabadwa wonenepa bwino, woti aliyense ankalimbirana kumunyamula. Atakwana miyezi 7, manja ndi mapazi zinayamba kutupa. Tizala tonse tinafufuma, totentha, ndipo ukangomukhudza ankalira mpaka mawu kusasa. Agogo aakazi a kuchimuna atamuona sanachedwe kugamula: ndi tsempho. Amene munakulira kumudzi mukudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Amatanthauza kuti mmodzi mwa makolo wayenda njira yosayenera mwana akadali wakhanda. Ankhoswe anaitanidwa, ndipo chala chinaloza amayi, popeza abambo anali munthu wa tchalitchi amene palibe akanamuganizira. Mwana anamutemera mphini pamsana ndi pachifuwa. Kutupa kunaphwa pakokha patatha sabata, anthu nkumati mankhwala agwira.

Koma matenda sanachoke. Maso ake ankachita chikasu. Kukazizira mu June ndi July ankagubuduzika pamphasa atagwira miyendo, akuti mafupa akuthyoka. Malungo akamugwira, zikhatho zinkayera ngati ufa woyera. Anamuthira magazi kanayi, ndipo ulendo uliwonse tinkangomva kuti magazi achepa chifukwa cha malungo. Kumudzi nkhani inasintha, inachoka pa tsempho nkukhala ya ufiti: ati alipo amene akumuyamwa magazi usiku. Anatisiya ali ndi zaka 6, pa ngolo, asanafike kuchipatala. Ine ndinali ndi zaka 9, ndipo chimene ndimakumbukira kwambiri si maliro, koma amayi atakhala okha kuseri kwa nkhokwe, azimayi anzawo akuwadutsa osawapatsa moni.

Zaka zinapita. Ndili chaka chachiwiri ku koleji, tsiku lina masana tinalowa mu labu. Aphunzitsi anadontheza kadontho ka magazi pa galasi, nkusakaniza ndi mankhwala otchedwa sodium metabisulphite amene amachotsa mpweya wa okosijeni m'magazimo, nkuvundikira ndi kagalasi kopyapyala, m'mbali nkumata ndi Vaseline. Tinadikira. Itafika nthawi yanga yosuzumira mu maikulosikopu, ndinaona maselo ofiira, amene amayenera kukhala obulungira, atapindika ngati zenga lomwetera udzu, ena osongoka mbali zonse ziwiri.

Aphunzitsi anayamba kufotokoza, ife tikulemba. Matendawa ndi sickle cell, ndipo dokotala wina wa ku Chicago, James Herrick, ndi amene anawalemba koyamba mu 1910. Selo lofiira labwinobwino limakhala masiku pafupifupi 120, koma lopindikali limafa pakati pa masiku 10 ndi 20, nchifukwa chake magazi amakhala ochepa nthawi zonse ndipo maso amachita chikasu. Maselo opindikawo amakodwa m'timitsempha ting'onoting'ono, magazi osadutsa, ndiye ululu wa m'mafupa uja. Kuzizira, kusowa madzi m'thupi ndi malungo zimautsa vutoli. Kenako anati: "Mwana amabadwa wooneka bwino chifukwa magazi amene anali nawo ali m'mimba mwa mayi ake amamuteteza. Magazi amenewo akayamba kutha, cha pa miyezi 6, chizindikiro choyamba chimakonda kukhala kutupa kwa manja ndi mapazi."

Cholembera chinandigwa. Anali kufotokoza mlongo wanga, mwezi ndi mwezi, ngati anakhala nafe m'nyumba.

Chimene chinandilasa kwambiri chinabwera pambuyo. Mwana sangadwale sickle cell pokhapokha atatengera kwa makolo onse awiri. Bambo ali ndi mbewu imodzi ya matendawa, mayi ali ndi imodzi, onse athanzi osadziwa kanthu. Pa mimba iliyonse, mpata woti mwana atenge mbewu zonse ziwiri ndi umodzi mwa inayi. Sabata yomweyo ndinakayezetsa, ndipo ndinapezeka kuti nanenso ndili ndi mbewu imodzi.

Pa holide ndinapeza amayi akutong'ola chimanga pakhonde. Ndinakhala nawo pansi, ndinatenga njere zinayi, ziwiri zoyera ziwiri zofiira, nkuyamba kuwaonetsa mmene mwana amatengera. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anakhala chete nthawi yaitali, chitsononkho chili m'manja. Kenako anati, "Ndiye ukutanthauza kuti sindinamuphe ine?" Ndinati, "Ayi amayi, simunalakwe chilichonse." Anati, "Ukawauzenso abambo ako, uwauze ine ndili pomwepo." Ndinatero usiku womwewo. Abambo sanayankhe, koma m'mawa mwake anapita okha kumanda ndi khasu kukalambula.

Nditamaliza zaka zitatu za ku koleji ndi chaka cha internship, ndinapempha kuti andiike ku wodi ya ana. Anzanga ankandifunsa kuti ndikufunanji kumene kuli kulira usana ndi usiku. Ndinalibe mawu owayankha nthawi imeneyo.

Achinyamata ambiri amandifunsa njira yolowera ntchito imeneyi. Amene akufuna kukhala katswiri weniweni wa matenda a magazi a ana, ulendo ndi wautali: digiri ya udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences, imene kale inali College of Medicine isanaphatikizidwe ndi Kamuzu College of Nursing, kenako zaka zina za ukatswiri wa matenda a ana, kenakonso maphunziro apadera a magazi ndi khansa, amene ena amakachitira ku Makerere ku Kampala. Akatswiri otere ndi owerengeka m'dziko muno, ndipo amapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth. Koma mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa sayambira kumeneko. Amayambira m'manja mwa nesi, clinical officer ndi munthu wa ku labu, ndipo ngati atatuwa sakuwadziwa matendawa, mwanayo azingolembedwa malungo mpaka tsiku la ngolo.

Zimene timachita pa kliniki si zodabwitsa. Folic acid tsiku ndi tsiku kuti thupi lipange magazi. Penicillin mpaka zaka 5, chifukwa kapamba wa ana awa amawonongeka msanga ndipo tizilombo timene mwana wina angalimbane nato iwo tingawaphe tsiku limodzi. Mankhwala oteteza malungo, neti, katemera yense, madzi akumwa ambiri, juzi nthawi yozizira. Ndiye pali hydroxyurea, kapisozi amene amachititsa thupi kupanganso magazi aja a mwana ali m'mimba. Kafukufuku wotchedwa REACH, amene anachitika ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, anaonetsa kuti ana omwa mankhwalawa ululu umawachepera, sathiridwa magazi pafupipafupi, ngakhale malungo amene amachepa. Ine ndaziona ndi maso: mwana amene buku lake la kuchipatala linadzaza ndi kugonekedwa, nkutha teremu yonse osajomba kusukulu.

Koma gawo limene ndimaliona lalikulu ndi la kukhala pansi ndi makolo. Ndimakakamira kuti abambo abwere, ndipo ngati agogo ndi amene ali ndi mawu pakhomopo, abwerenso. M'kabati yanga muli kabotolo ka njere za chimanga.

Mayi aliyense ndimamuphunzitsanso kufufuza kapamba. Ndimagoneka mwana chagada, ndimagwira dzanja la mayiyo nkuliika pansi pa nthiti za kumanzere, mwana akamapuma nkumati, "Mwamva chikugunda zala zanucho? Lero chafika apa. Chikadzatsika kuposa apa, mwana nkufooka, musadikire kucha." Magazi amatha kuunjikana m'kapamba mwadzidzidzi, mwana nkutha m'maola ochepa.

Usiku wina mu December, nthawi imene magazi amavuta chifukwa ana a sukulu, amene amapereka magazi ambiri, amakhala ali pa holide, mayi wina anafika pa njinga yamoto cha m'ma 2 koloko, mwana wa zaka ziwiri ali kumbuyo, mvula itawanyowetsa onse. Asanakhale nkomwe anati, "Adokotala, chatsika. Chafika pa mchombo." Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, inali itatsika kwambiri mpaka pa 3. M'firiji munali paketi imodzi yokha yogwirizana ndi gulu la magazi ake. Mitsempha inali itabisala, kanyula inalowa ulendo wachitatu, paphazi. Ndinakhala pambali pa bedi ndikuwerenga madontho, mayiyo atagwira kaphazi kuti kasagwedezeke. Mmene kunkacha, milomo ya mwanayo inali itayamba kufiira, ndipo anatsegula maso nkupempha phala.

Nditaweruka sindinapite kukagona. Ndinayamba ndaimbira foni amayi kumudzi, nkuwafotokozera zonse, kuyambira pa njinga yamoto mpaka pa phala. Anandifunsa ngati mwanayo ndi wamwamuna. Ndinati eya.

Gawo lotsatira ndidzafotokoza za tsiku limene ndinapempha amene ndi amuna anga lero kuti tikayezetse magazi tisanapite kwa ankhoswe.