Mmene ndinatengera satifiketi ya chikepe chathu

Ine ndimayang'anira nyumba yosanja ya maofesi ndiye za chikepe zonse zimagwera ine. Choyamba dziwani kuti kampani imene imabwera kudzachita sevisi si imene imapereka satifiketi ayi, imeneyo ndi ntchito ya inspekita wovomerezeka, ndipo anthuwa amakhala bize koopsa ndiye ine ndinalemberatu fomu ndikulipira yakale isanathe. Ku UK chikepe cha pamalo a ntchito chonyamula anthu amachiyendera miyezi 6 iliyonse, kwina ndi kamodzi pachaka, funsani lamulo la kwanuko.

Tsiku lisanafike ndinaitana makaniko wathu, tinasesa m'dzenje la pansi muja, tinachotsa ndowa ndi mamopu zimene oyeretsa ankasunga m'chipinda cha makina, ndikukonzeratu buku lolembamo sevisi chifukwa ndi limene amayambira kuona.

Atafika inspekitayo anatseka chikepe ndikukwera padenga pake, makaniko akuchiyendetsa pang'onopang'ono iye akuunika zingwe zachitsulo ndi tochi kufuna tiwaya toduka ndi dzimbiri. Kenako zitseko, nsanja iliyonse ankayesa kukankha ngati chitseko chingatseguke chikepe palibe, poti apa ndi pamene anthu amagwera m'dzenje. Chimene chinandigwira mtima ndi gavanala, kachipangizo koyeza liwiro, chikepe chikathamanga mopyola kamakoka mabuleki ndikuluma njanji za m'mbali. Nzeru ya buleki yoluma njanjiyi ndi ya Elisha Otis amene mu 1854 ku New York anauza munthu adule chingwe iye ali pamwamba ndipo sanagwe.

Ife tinakodwa pa foni ya mkati, batani ukadina limalira koma osafika kwa munthu aliyense. Anatilembera kuti tikonze adzabwerenso, ndipo pofika tsiku lobwereralo yakale inali itatha ndiye ndinazimitsa chikepe ndikumata chikalata pachitseko. Eee madandaulo ake, a pamwamba kutopa ndi masitepe, eni nyumba kuimba foni kuti tangoyatsani palibe angadziwe. Ndinakana. Kuyendetsa chikepe chopanda satifiketi ndi mlandu, malo ena chindapusa chake amawerengera tsiku lililonse limene chayenda, boma likhoza kuchitseka ndi chidindo, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira, ndipo munthu akavulala kapena kufa nkhani imakathera kukhothi, mwina kundende, ndipo dzina la woyang'anira limakhalapo.

Ndinawakumbutsanso za tingolo toyenda pa chingwe m'mapiri, timene timafunanso kuyenderedwa chimodzimodzi. Pa 23 May 2021 ku Mottarone ku Italy chingwe chokoka chinaduka ndipo anthu 14 anafa, chifukwa buleki yangozi anali ataimanga dala kuti isamaimitse ngolo pafupipafupi. Maganizo ake ndi omwewa akuti tisaimitse bizinesi, ndipo ine zimandiwawa chifukwa okwerawo anali ndi ana.

Foni itakonzedwa inspekita anabwera, anadina batani mlonda ndikuyankha, anasayina. Kope imodzi ndinatumiza ku inshuwalansi, ina mu fayilo, ndipo ndinafunsiratu kuti mayeso akulu oika zitsulo zolemera mkati adzachitika liti kuti ndalama yake ilowe mu bajeti.