Usiku umene ndinasinza pa njinga yamoto pakati pa Lizulu ndi Masasa

"Mwana wanga, kodi kumene mukuthamangiraku kuli maliro?" Limeneli ndi funso limene bambo ena achikulire anandifunsa usiku wa Loweruka lina m'mwezi wa June, ine ndili khale m'mphepete mwa msewu wa M1, mbatata yawo ya kachewere ili mbwee pamsewu ponse. Kunalibe maliro, kunalibe wodwala, ndipo panalibe chilichonse chondikakamiza kufika kunyumba usiku womwewo. Chimene ndinkathamangira chinali pangano limene ndinachita ndi anzanga awiri, loti tichoke ku Lilongwe pa njinga zamoto, tikafike ku Mulanje, n'kubwereranso tsiku lomwelo 12 koloko ya usiku isanakwane.

Maganizo amenewa tinawatenga pa intaneti. Ku America kuli bungwe lotchedwa Iron Butt Association limene limapereka satifiketi kwa munthu amene wayenda pa njinga yamoto mamailosi 1,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 1,600, m'maola 24, ndipo zithunzi za anthu oterewa tinkatumizirana kawirikawiri m'gulu lathu la WhatsApp. Ife tinaona kuti ulendo wathu wa makilomita oposa 700 unali waung'ono poyerekeza ndi umenewo. Chimene sitinachiganizire n'chakuti ambiri mwa anthu amenewo amayenda m'misewu ikuluikulu momwe simudutsa mbuzi, ngolo kapena mwana wotumidwa kukagula mchere, pamene M1 ndi njira ya aliyense, ndipo m'malo ena monga pa Lizulu msewuwo ndi msika umene.

Tinanyamuka 4 koloko m'bandakucha, ine nditagona maola anayi okha chifukwa ndinachezera kumanga tcheni ndi kuona mabuleki. Za ulendo wopita ndilibe zambiri zonena. Pa Kalinyeke tinadutsa kusanayere, tinapyola Chingeni ndi Zalewa, ndipo masana tinali kudya nsima tikuyang'ana phiri la Mulanje. Zinthu zinasokonekera pobwerera, ku Blantyre, kumene tinataya maola oposa awiri pa mzere wa petulo. Apa ndi pamene ulendo wa pangano umasiyana ndi ulendo wamba. Munthu wapaulendo akachedwa amafunafuna pogona, koma amene akulimbana ndi wotchi amachotsa nthawi yopuma ndi yodya, n'kuwonjezera liwiro kuti abweze maola otayikawo, ndipo n'zimene tinachita.

Pa boma la Ntcheu tinafika cha m'ma 8 koloko usiku. Malo ogona alendo analipo, ndipo ndinafunsadi pamalo ena amene anandiuza kuti chipinda ndi K15,000, koma ndinangogula chakumwa chopatsa mphamvu cha K1,500 n'kukweranso njinga. Anzanga aja, poti njinga zawo zinali zazikulu, anatsogola, ndipo pofika pa Biriwiri magetsi awo sindinkawaonanso. Aliyense amene amaudziwa msewu umenewu akudziwa kuti kuchokera pamenepo umakwera motsata malire a Mozambique, ndipo m'miyezi ya June ndi July kuzizira kwake kumalowa m'mafupa. Jekete yanga inali yopyapyala, manja anachita dzanzi moti kufinya buleki kunkafuna mphamvu, ndipo nditapitirira Mlangeni nkhungu inayamba kutsika.

Sindikumbukira kuti ndinatseka maso. Ndikukumbukira thiraki yochokera ku Dedza imene inandithobwa ndi magetsi ake osachepetsa, kenako ndikukumbukira thumba loyera lili pamaso panga penipeni, ndipo pakati pa zinthu ziwirizi m'mutu mwanga mulibe kanthu. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, njinga imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse, kutanthauza kuti munthu akasinza masekondi atatu okha wayenda mamita oposa 60 wopanda womuwongolera. Ofufuza a ku Australia anapeza kuti munthu amene wakhala m'maso maola 17 amachedwa kuona ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi munthu amene wamwako mowa, ndipo ine pa nthawiyo ndinali nditakwanitsa maola 18. Choopsa cha tulo totere n'chakuti munthu sadziwa kuti tikubwera, ndiponso chakumwa chija chimangomunamiza kuti ali bwino.

Chiwongolero changa cha kumanzere chinakola thumba limene linali pa njinga yakapalasa. Bambowo ankaikankha njingayo ali kumanzere kwake, kotero kuti njinga ndi matumba zinali pakati pa iwo ndi ine. Akanakhala kuti anaima mbali ya kumsewu, ndikanagunda iwowo, ndipo nkhani ino bwenzi ikukambidwa kukhoti kapena kumanda. Iwo anagwera mu ngalande, njinga yawo n'kuwapsinja bondo, ine ndinakhwekhwerezeka pa phula mpaka mu udzu. Chisoti changa chinang'ambika kumbali, koma sichinavuke chifukwa lamba wa pachibwano ndinali nditamanga. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chisoti chabwino chimatha kuchepetsa ngozi yovulala ubongo mpaka ndi 74 pa 100 iliyonse, ndipo ndikupempha aliyense wowerenga kuti asamagule zipewa zopepuka zija zongofuna kudutsira pa rodibuloko, komanso asamayende lamba ali lendelende.

Amene anayamba kudzuka anali bambowo. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, mwinanso kuitaniridwa anthu a m'mudzi, ndipo akanatero sakanalakwa. Iwo anabwera akutsimphina, anandiunika ndi tochi ya pa foni, anandifunsa ngati ndikutha kugwedeza zala za kumapazi, ndipo atatsimikiza kuti msana uli bwino ndi pamene anafunsa funso la maliro lija. Ndinayankha kuti, "Ayi bambo, kulibe maliro." Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye simupitanso kulikonse usiku uno. Tiyeni kunyumba, si patali."

Anaitana anyamata awiri a pafupi amene anakankha njinga yanga mpaka pakhomo pawo, ndipo mayi a m'nyumbamo, amene anali atagona kale, anadzuka osadandaula. Anasonkha moto m'khitchini, anafunditsa madzi n'kuthiramo mchere, ndipo anayamba kutsuka bondo la amuna awo, kenako mkono ndi ntchafu yanga, akuchotsa timiyala kamodzikamodzi. Pa nthawi imeneyo ndi pamene ndinazindikira mmene thupi langa linazizirira, chifukwa ndinayamba kunjenjemera mpaka kulephera kugwira kapu. Mayiwo anandifunditsa bulangete limene ndikukhulupirira kuti analichotsa pa kama pawo, anandipatsa tiyi wotentha wa shuga wambiri, ndipo anaphika mbatata ina mwa imene anyamata aja anatola pamsewu. Pamene tinkadya, bambowo anandifotokozera kuti mbatatayo anakaitenga ku dimba la alamu awo kuti akaigulitse pa Lizulu m'mawa mwake, ndipo anachedwa chifukwa tayala linaphwa m'njira. Anatinso usiku amayenda kunja kwenikweni kwa phula chifukwa choopa magalimoto, koma pamalo pamene tinakumanapo m'mphepete munali mutagumuka, choncho anakakamizika kulowa pang'ono mumsewu. Ndinapepesa kangapo konse, iwo n'kumangoti, "Mwana wanga, tiyamike kuti tonse tikulankhula."

Pano ndiyenera kudandaula, ngakhale kuti kulakwa kwakukulu kunali kwanga. M'malo ambiri a msewu umenewu m'mphepete munadyeka, mizere yoyera inafufutika, ndipo woyenda pansi kapena wokankha njinga alibe podutsa pake. Madalaivala ambiri a mathiraki ndi mabasi a usiku sachepetsa magetsi akaona nyali imodzi ikubwera, ngati kuti wa njinga yamoto alibe maso. Galimoto ikawonongeka anthu amayala nthambi za mitengo pamsewu m'malo mwa zikwangwani zonyezimira, ndipo ikachoka nthambizo amazisiya pomwepo kuti wina adzakumane nazo mumdima. Zonsezi ndinkazidziwa ndisananyamuke, ndipo n'chifukwa chake ndikunena kuti kuika malire a nthawi pa ulendo wa msewu woterewu n'kuika miyoyo ya anthu ena pachiswe, anthu amene sanachite nawo panganolo. Amene akufuna kuona dziko pa njinga yamoto agawe ulendo wa Lilongwe ndi Mulanje m'masiku awiri, aziima pakatha maola awiri aliwonse, ndipo dzuwa likamalowa akhale atapeza kale pogona, makamaka pakati pa Ntcheu ndi Dedza m'nyengo yozizira.

Kutacha tinapita kukaona pamalo paja. Mzere umene chitsulo cha njinga yanga chinakanda pa phula unali wautali masitepe oposa makumi awiri, ndipo anthu opita ku tchalitchi, ena atabereka ana, ankadutsa pomwepo. Gudumu la kumbuyo la njinga ya bambowo linali litapindika, ndipo ndinapereka K40,000 yokonzetsera ndi kulipira mbatata imene inaphwanyika. Za malo ogona ndi chakudya anakana kulandira kalikonse, mayiwo nati mlendo salipira tiyi. Njinga yanga tinaikweza pa kagalimoto konyamula kabichi kopita ku Lilongwe, ndipo mwini wake anandilipiritsa K25,000. Anzanga aja anafika kunyumba nthawi isanakwane, ndipo anadziwa za ngoziyo m'mawa, ataona uthenga wanga pansi pa chithunzi chimene anatumiza m'gulu.

Ku chipatala anapeza kuti fupa la padzanja linali litasweka, ndipo ndinakhala ndi pulasitala milungu isanu ndi umodzi. Pa benchi ndinakhala ndi anyamata a kabaza othyoka miyendo, amene anavulala akusakira ana awo chakudya, ndipo mmodzi atandifunsa kumene ndinkapita ndinasowa choyankha monga momwe ndinasowera usiku uja.

M'mwezi wa August ndinabwerera ku mudzi uja pa minibasi, nditanyamula bulangete latsopano ndi shuga. Ndinawapeza bambowo akuchokera ku dimba. Chilonda cha pa bondo chinali chitapola, koma pokwera kachitunda kolowera pakhomo pawo ankatsimphinabe, ndipo anandiuza kuti matumba a mbatata tsopano amakankha ndi mwana wawo wamwamuna, amene amayamba wapita nawo kumsika asanalowe m'kalasi.