Mmene ndinakwanitsira mutu wautali pa chikwangwani chopapatiza

Ndinali ndi mutu wa mawu asanu ndi awiri, ndipo pepala linali la A3 loimirira. Font (mtundu wa zilembo) iliyonse imene ndinayesa inkandikakamiza kuchepetsa zilembo mpaka munthu wodutsa chapatali sakanawerenga kanthu. Ndiye ndinatembenukira ku slab serif yonenepa koma yopanikizana, zilembo zija zazitali zokhala ndi timapazi tokhuthala tamakona anayi, ngati chilembo chilichonse chaima pa njerwa.

Zilembozi zinapangidwira ntchito ngati yomweyi. Vincent Figgins, wopanga zilembo zosindikizira, anatulutsa zilembo zoyamba za slab serif ku London cha m'ma 1815, pamene osindikiza ankafuna zilembo zofuula pa mapepala otsatsa malonda. Zopanikizanazo zimapereka utali popanda kudya malo m'mbali.

Ndinayamba ndi Playbill, ya Robert Harling ya 1938. Timapazi take n'tokhuthala kuposa thupi la chilembo, ndipo ukangoiona umakumbukira mafilimu a makauboyi. Ndi yokongola, koma uthenga wanga sunali wa zimenezo. Ndinasankha Rockwell Condensed yakuda bii, ya m'banja la Rockwell limene kampani ya Monotype inatulutsa mu 1934. Ndisanapitirire ndinalemba ŵ ndi ng' kuti ndione ngati zikutuluka bwino, chifukwa mafont ena a mitu sakhala ndi zizindikiro zonse.

Pamene ndinataya nthawi yambiri ndi pa mipata. Nditalemba mutu wonse m'zilembo zazikulu, timapazi ta H ndi N tinkangotsala pang'ono kugundana, mawu n'kumaoneka ngati mpanda. Pakati pa L ndi A panali chidzenje. Ndinatalikitsa zilembo zonse pang'ono chabe, kenako n'kumakonza ziwiriziwiri, ndikutsinzina diso limodzi kuti ndiyeze kuyera kwa pakati pake. Ntchito imeneyi ndimaikonda, chifukwa mutu umayamba kupuma uku ukuona.

Chimodzi chokha ndikupempheni: musatenge font wamba n'kuifinya m'mbali pa kompyuta. Mizere yoimirira imawonda, yopingasa n'kutsala yonenepa, ndipo chilembo chimapunduka. Font yopanikizana yeniyeni inajambulidwa choncho kuyambira pachiyambi.

Pa tsiku ndi malo a msonkhano ndinalakwitsa. Ndinazilemba ndi font yomweyo pa saizi 12, ndipo nditasindikiza, timabowo ta e ndi a tinali titatsekeka ndi inki. Ndinasinthira ku Helvetica yopepuka, mizere iwiri yokha, ndipo mutu unaoneka wamphamvu kuposa poyamba.

Kenako ndinamata pepalalo kukhoma n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi. Mawu onse asanu ndi awiri ankawerengeka bwinobwino, kupatula mzere wachiwiri umene unayandikana kwambiri ndi woyamba. Ndinautsitsa pang'ono, ndinasunga fayilo ngati PDF font ili m'kati momwemo kuti makina a wosindikiza asaisinthe ndi ina, n'kutumiza.