Banki m'khonde: ndalama iziyenda onse akuona

Magulu ambiri a amayi a banki m'khonde amapasuka mu Disembala, koma matenda ake amakhala atayamba kale. Tsiku logawana limangovundukula zimene zinaola miyezi ya m'mbuyo, tsiku lija msungichuma analandirira ndalama pakhomo pake, kapena lija mlembi anati akalemba kunyumba chifukwa bolopeni yatha inki. Ndiye amayi anzanga amene mukufuna kuyambitsa gulu, kapena amene gulu lanu layamba kutsimphina, tiyeni tiyang'ane msonkhano wa sabata ndi sabata uja, chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Chipereganyu tinali nacho kalekale: timasonkha, mmodzi n'kutenga zonse, mwezi wamawa winanso. Banki m'khonde ndi yosiyana chifukwa ndalama imabwerekedwa, imabereka, ndipo imagawidwa pakutha pa chaka. Njira imeneyi inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo malamulo ake a bokosi, maloko ndi masheya anaikidwa ndi zifukwa zake. Gulu likayamba kuwadumpha limodzi limodzi poti "tikudziwana", ndi pamene mavuto amalowera.

Anthu akhale pakati pa 15 ndi 25. Mukachepera pamenepo thumba silikula, ndipo amene akufuna ngongole ya geni amadikira masabata angapo. Mukapyola 30 msonkhano umatha maola atatu, ana akuweruka kusukulu, ndiwo sizinaphikidwe, ndipo amayi amayamba kungotumiza ndalama kudzera mwa anzawo. Musankhane nokha, osati kulembedwa ndi amfumu kapena mlangizi. Ndipo muonetsetse kuti banja limodzi lisachuluke. Mayi, ana ake awiri ndi mlamu wake akakhala m'gulu limodzi, tsiku limene mmodzi walephera kubweza ngongole onse anayi amaima mbali imodzi.

Maudindo ndi asanu: wapampando, mlembi, msungichuma amene amasunga bokosi, ndi owerenga ndalama awiri. Kupatula amenewa, pasankhidwe amayi ena atatu osunga makiyi, amene sali m'komiti. Bokosi likhale lachitsulo, lokhoma ndi maloko atatu, aliyense kiyi wake. Wosunga bokosi alibe kiyi, wosunga kiyi alibe bokosi. Musagule maloko atatu amtundu umodzi otchipa aja, chifukwa ena kiyi mmodzi amatsegula onse. Yesani makiyi onse pamaso pa gulu tsiku loyamba, ndipo makiyi apadera amene amabwera ndi loko asatsale m'manja mwa amene anakagula.

Posankha msungichuma anthu amathamangira mayi wolemekezeka, mkazi wa amfumu kapena wa abusa. Ulemu si wolakwika, koma dzifunseni ngati mudzathe kumufunsa m'maso muli gwa ndalama ikadzapelewera. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Sankhani mayi amene nyumba yake ili ndi chitseko cholimba, amene sayendayenda, amene bambo akunyumba kwake sangalitenge bokosilo ngati lawo, komanso amene mungamudzudzule popanda mudzi kugawanika.

Tsiku la msonkhano likhale limodzi losasintha, ola lake losasinthanso, ndipo lisagundane ndi tsiku la msika, la sikelo, kapena la Mvano, Chigwirizano ndi misonkhano ina ya amayi kumipingo. Yalani mphasa, khalani mozungulira, aliyense pamalo a nambala yake. Komiti ikhale kutsogolo, bokosi pakati pomwe aliyense akuliona. Likatha pemphero, mlembi aitane maina. Wochedwa aponye chindapusa m'mbale yomwe yaikidwa polowera, mwina K200, ndipo wapampando akachedwa aponyenso. Osatsegula bokosi mpaka atafika mamembala awiri mwa atatu alionse a m'gulumo.

Musanatsegule, wapampando afunse gulu kuti sabata yatha tinatseka ndi ndalama zingati. Amayi anene pamtima, kenaka owerenga ndalama atsegule ndi kuwerenga mokweza. Zikasiyana ngakhale ndi K500, msonkhano usapitirire mpaka zitadziwika. Ambiri amaona ngati kumeneku n'kutaya nthawi, koma ndi njira yokhayo imene mayi wosadziwa kuwerenga amakhalira mlonda wa ndalama zake.

Yambani ndi thumba la chithandizo, limene ambiri timangoti sosho. Aliyense amapereka ndalama yofanana, mwina K200 kapena K300, ndipo imasungidwa m'kathumba kakekake. Kenaka masheya. Gulu limagwirizana mtengo wa sheya imodzi pachiyambi, ndipo munthu amagula imodzi mpaka zisanu pa msonkhano. Mtengowo uyezedwe ndi mayi wovutikitsitsa m'gulumo, m'mwezi wa Febuluwale pamene ufa wavuta, osati mu Juni anthu atagulitsa soya ndi mtedza. Malire a masheya asanu ali ndi ntchito: amaletsa mayi mmodzi wa golosale kukhala mwini wa theka la bokosi. Mayi akaitanidwa, apereke ndalama kwa owerenga, iwo anene mokweza kuti "masheya atatu, K3,000", mlembi adinde zidindo zitatu m'kabuku ka mayiyo ndi kukhwatcha mabokosi awiri odindamo amene atsala m'kabukumo. Kukhwatchako musakuiwale. Mabokosi osiyidwa opanda kanthu ndi amene amadzapezeka atadindidwa mu Novembala. Chidindo, inki ndi timabuku tonse zigone m'bokosi.

Zikatha izi, obweza ngongole abweze, ndalama yonse iwerengedwe, kenaka ofuna kubwereka anene poyera kuchuluka kwake ndi chimene akufuna kuchitira. Pano ndi pofunika kukhalapo pang'ono, chifukwa misozi yambiri imachokera apa.

Munthu asabwereke kupyola katatu ndalama zimene wasunga. Amene ali ndi masheya a K20,000 malire ake ndi K60,000, ngakhale atalira bwanji. Ngongole ithe m'miyezi itatu, ndipo wina asatenge yatsopano yakale isanathe. Za chiwongoladzanja, magulu ambiri amakonda 20 peresenti pamwezi poti bokosi limakula msanga. Koma tawerengani. Pa K60,000, ndiye kuti K12,000 mwezi uliwonse. Mayi wogulitsa tomato, mandasi kapena usipa ayenera kupeza K12,000 imeneyo pamwamba pa ndiwo, sopo ndi chiphaso cha kumsika, asanakhudze n'komwe mpamba. Akaphonya, gulu n'kumaphatikiza chiwongoladzanja pa ngongoleyo, mwezi woyamba imafika K72,000, wachiwiri K86,400, wachitatu K103,680. Apa sitikusiyananso ndi katapila, kungoti wokongozayo ndi mnzako wa kutchalitchi. Pa 10 peresenti bokosi limakula pang'onopang'ono koma anthu amabweza, ndipo kwa ine gulu lobweza ndi labwino kuposa gulu la manambala aakulu m'buku.

Pali chizolowezi china chimene chafala, chokakamiza aliyense kubwereka kuti ndalama isagone m'bokosi. Chimenechi n'choipa. Mayi amene alibe geni akapatsidwa K50,000 mokakamiza amagula nsalu, mapoto ndi nyama, mwezi ukatha n'kukabwereka kugulu lina kuti adzabweze kuno. Mayi mmodzi amapezeka ali m'magulu anayi, Lolemba kutenga uku, Lachinayi kukatseka uko, mpaka tsiku limene onse amufunira pamodzi. Otere ndi amene timamva kuti athawira kumudzi usiku, kapena alandidwa malata ndi matiresi ana akuona. Funsani aliyense polowa kuti ali m'magulu angati, ndipo lembani m'malamulo kuti asapyole awiri.

Enanso amabwerekera amuna awo kapena anthu akunja. Bambo amati katenge K100,000 ndiwonjezere pa njinga yamoto ya kabaza, koma tsiku lobweza amene amakhala pamphasa, nkhope ili pansi, ndi mayi. Gulu silingalowerere za m'banja, koma lingathe kunena momveka kuti ngongole ndi ya amene wasaina, ndi kufuna kuti pa ngongole yaikulu bamboyo abwere adzasaine ngati mboni. Wakunja asabwereke, ngakhale atalonjeza 50 peresenti. Alibe masheya oti mungagwire.

Ndalama ikachuluka m'miyezi yomaliza, pamene mwasiya kubwereketsa, bokosi limasanduka nyambo ya akuba. Magulu ena tsopano amasunga ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, ena kubanki. Ngati ndi pafoni, simu ikhale ya gulu ndipo igone m'bokosi, nambala yachinsinsi isadziwike yonse kwa munthu mmodzi, ndipo uthenga wa ndalama yotsala uwerengedwe pamsonkhano. Wotumiza masheya pafoni atumize ku nambala ya gulu nthawi ya msonkhano, osati ku nambala ya mlembi usiku. Gwirizananinso za ndalama yotapira, chifukwa imeneyo ikapanda kulembedwa ndi imene imabala mawu oti "zapita kuti".

Pomaliza owerenga anene ndalama yotsala m'mathumba onse awiri, gulu libwereze kawiri, maloko atsekedwe onse akuona. Msonkhano woyenda bwino wa anthu 20 suyenera kupyola ola limodzi ndi theka. Nkhani za mitengo ya feteleza, za ana ndi za maukwati zibwere bokosi litatsekedwa, ndipo zipatsidwe nthawi yake, chifukwa amayi ambiri chimene amadzera n'chimenecho.

Gulu silikhalira ndalama zokha. Limadziwika pa maliro, pa matenda ndi pa chinkhoswe, ndipo apa ndi pamene sosho imagwira ntchito. Lembani pachiyambi, mitima ili m'malo, kuti chipepeso ndi zingati akamwalira mwamuna, mwana kapena kholo la membala, ndi zingati membala akagonekedwa kuchipatala, nanga nyumba ikapsa kapena denga likasasuka ndi mphepo. Lembaninso kuti malire a chibale ndi pati. Mukasiya posatseka, maliro a msuweni wa apongozi adzafuna chipepeso, thumba lidzauma mu Epulo, ndipo amene adzaferedwe mwana mu Ogasiti adzapeza mulibe kanthu. Sosho si yobwereketsa ndi chiwongoladzanja, ndipo isasakanizidwe ndi ndalama ya ngongole ngakhale kwa sabata imodzi.

Pa maliro ndalama ndi gawo laling'ono. Gawanani ntchito m'timagulu ta anthu asanu: ena kukagona pasiwa usiku woyamba, ena wachiwiri, ena kutunga madzi ndi kuphika. Aliyense abwere ndi mbale ya ufa ndi mtolo wa nkhuni, kapena ndalama ya makala ngati ndi m'tauni. Mlembi alembe amene abwera. Sikuti ndi nkhanza, koma mayi amene amapita pa zovuta za anzake onse, tsiku lake n'kuona anthu asanu okha, sabwereranso m'gulumo. Pakapita sabata ziwiri anthu atabalalika, pitaninso awiri kapena atatu mukamuone, mutanyamula shuga ndi sopo. Nthawi imeneyo ndi imene nyumba imakhala zii.

Za chinkhoswe, ukwati ndi maphwando othandizana ziwiya zakukhitchini zikhale ndi chopereka chakechake, chodzifunira. Nsalu ya gulu ndi yokongola, amayi akalowa atavala mofanana nthungululu zili pakamwa aliyense amadziwa kuti mkwatibwi ali ndi anthu. Koma nsalu imodzi pachaka ndi yokwanira. Nsalu yatsopano pa mwambo uliwonse, kuwonjezapo ndalama yofupa, zimathamangitsa amayi omwe gululo linapangidwira. Gulu likakhala ndi mphamvu, ndi bwino kugula mapoto aakulu, mbale ndi mabeseni, zogwiritsa ntchito mamembala ulere ndi kubwereketsa kwa akunja pamtengo. Ziwerengedwe potuluka ndi pobwera, chifukwa masipuni ndi mbale zimathera pa maphwando.

Tsiku logawana lisankhidwe pachiyambi penipeni, pakatha miyezi 9 mpaka 12. Ambiri amakonda sabata ya Khrisimasi, koma kumudzi Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala ndi kwabwino koposa, ndalama ifikire pa feteleza ndi mbewu mvula isanagwe. Ya pa 20 Disembala imathera pa mpunga, nkhuku ndi zovala, Januwale n'kufika fizi palibe. Kumbukiraninso kuti kwacha imagwa mphamvu. Mu Novembala 2023 inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama imene inagona m'bokosi inagula zochepa kuposa zimene eni ake ankayembekeza. N'chifukwa chake si bwino kutalikitsa chaka kupyola miyezi 12.

Siyani kubwereketsa kutatsala miyezi itatu, kuti ngongole zonse zibwerere. Amene walephera kumaliza, adulidwe masheya olingana ndi ngongole yake musanayambe kugawa. Kenaka werengani ndalama yonse, kuphatikizapo zindapusa ndi chiwongoladzanja, muigawe ndi chiwerengero cha zidindo zonse za m'timabuku. Tiyerekeze kuti zidindo zonse ndi 3,000 za K1,000, ndipo pamphasa pali K4,200,000. Sheya imodzi yafika K1,400. Wa zidindo 100 alandira K140,000, wa zidindo 220 alandira K308,000. Masamuwa achitike pa mafoni awiri osiyana. Ikani ndalama ya aliyense pa kabuku kake, ndipo wina asanyamule yake mpaka milu yonse itakwana, chifukwa cholakwika chikapezeka kwa munthu womaliza enawo atamanga kale pansonga ya chitenje, sichibwezeka. Sinthiranitu ndalama zing'onozing'ono dzulo lake, ma K5,000 okhaokha sagawika.

Ya sosho yotsala isagawidwe, ilowe nayo m'chaka chatsopano. Tsiku lomwelo, mpunga ndi thobwa zisanafike, sankhaninso komiti, unikaninso mtengo wa sheya, ndipo amene akufuna kutuluka atuluke mwaulemu. Musalengeze tsikuli pa WhatsApp kapena kutchalitchi, gawanani masana, ndipo amene akupita kutali aperekezedwe ndi anzake awiri mpaka pakhomo.