Tsiku limene ndinaomberedwa ku Edinburgh

Kwathu ku Zomba kuli anthu mpaka pano akukhulupirirabe zoti ine ndinaomberedwa ndi asilikali ku Ulaya koma ndinapulumuka chifukwa cha mapemphero a amayi, ndiye ndati ndifotokoze ndekha amalume asanathiremo mchere wina.

Ndimaphunzira ku Glasgow. Loweruka lina mu Novembala mnzanga wa ku Ghana yemwe timakhala nyumba imodzi anangoti aise mitu yatentha ndi ma asainimenti, tiye ku Edinburgh tikapitidwe mphepo. Sitima yake mukakwera pa Queen Street kukatsika pa Waverley ndi mphindi 50 basi. Ine ndinatchena jekete langa la pakaunjika la ku Limbe, lomwe kwathu ndikavala mu Juni anthu amafunsa ngati ndikudwala malungo, koma mphepo ya ku Edinburgh siyinalipatse ulemu olo pang'ono.

Titangotuluka pa siteshoni tinakumana ndi David Livingstone, chiboliboli chake chili m'munda wa Princes Street pafupi ndi chinsanja chakuda cha Scott Monument, Baibulo lili m'manja, mbalame zitamuchita chipongwe pamutu. Ndinamuuza mnzangayo kuti mdala uyu ndi wathu, Blantyre yathu ija inatchulidwa potengera kwawo kwa iyeyu, iye anangoti ok ndijambule. Kenako tinakaona galu. Eee, galu. Greyfriars Bobby, anafa mu 1872, akuti anakhala zaka 14 akulondera manda a mbuye wake ndiye anamuumbira chiboliboli, anthu amachita kudikirirana kuti amusisite mphuno mpaka mphunoyo inayera mbuu. Kwathu galu atagona pamanda olo sabata imodzi mudzi wonse ungasonkhane kwa amfumu kufunsa kuti mwini galuyo ndani. Mnzanga amafunanso tikwere Arthur's Seat, amati phiri, mamita 251. Ine wokulira m'munsi mwa phiri la Zomba lopitirira mamita 2,000 ndinamuuza kuti sindinabwere ku Ulaya kudzakwera chulu.

Ndiye tinalowa mu Edinburgh Castle, tikiti yake pafupifupi mapaundi 20, ndinayamba kuwerengera mu makwacha kenako ndinasiya chifukwa mtima umathamanga. Linga limeneli linamangidwa pamwamba pa thanthwe lomwe kalekale linali volokano, ndipo mkatimo mizinga ili mbwee. Wina amautcha Mons Meg, wa mu 1449, wolemera matani 6, ana amachita kusuzumira kukamwa kwake makolo akujambula. Ine nditaona zimenezo ndinangoti basi mfuti zonse za muno ndi zokongoletsa, zinapuma pantchito kalekale.

Itatsala pang'ono kukwana 1 koloko mnzanga anapita kukasaka khofi, ine ndinaona anthu ataunjikana mbali ina mafoni ali m'mwamba, ndinati kumeneko ndiye kuli malo abwino owonera tauni. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo pafupi ndi chingwe, n'kutembenuka kuti tauni ndi nyanja zikhale kumbuyo kwanga, n'kuimbira amayi vidiyo pa WhatsApp. Kwathu inali ikukwana 3 koloko masana, amayi anali pakhonde akusankha nyemba, foni anaigwirizira mlongo wanga chifukwa iwowo akagwira okha mumangoona khutu.

Ndinayamba kudzichemerera kuti amayi taonani, muno munkakhala mafumu, uko ndi nyanja, mwana wanu wafika. Iwo osayang'ana nyanjayo ayi. Anati, "Iwe, nanga msilikali ali kumbuyo kwakoyo akufuna chiyani?" Ndinati aaa amayi musadandaule, amenewa ndi ongojambulitsa, kuno sikuli ngati ku Cobbe Barracks. Anati, "Koma akuyang'ana wotchi." Ndinati amayi inu kuno aliyense amayang'ana wotchi, ndi chikhalidwe chawo.

Phuuu!!

Abale anga ine sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pansi. Ndinangozindikira ndagona chafufumimba pamiyala yonyowa, manja ndaphimba kumutu, ndikukuwa kuti mayo ndafa ine m'Chichewa chenicheni cha kwa Chinamwali, utsi uli tolo, m'makutu muli ngwiii. Nditadzutsa mutu ndinaona anthu onse ali chiimire, ena akuomba m'manja, mafoni omwe amajambula mzinga aja tsopano akujambula ineyo. Kamwana kena kachizungu kanali kakudya chokoleti osagwedezeka n'komwe. Agogo ena achisikotishi anandigwira paphewa n'kundifunsa ngati ndili bwino, kenako anandifotokozera modekha kuti mzinga umenewu amauwomba 1 koloko tsiku lililonse kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi, ndipo anayamba mu 1861 kuti oyendetsa sitima zapamadzi ku Firth of Forth azitchera mawotchi awo. Ndiye kuti anthu akhala akuuzidwa nthawi ndi mzinga zaka zoposa 160, pano aliyense ali ndi foni m'thumba koma iwo ayi ndithu, aombe basi. Mnzanga anabwera ndi makapu awiri a khofi, atamva nkhani anaseka mpaka kapu imodzi inatayika, yangayo.

Foni inali uko, galasi lili nyenyenye, osayakanso. Ndinadandaula za foniyo basi, za amayi sizinandibwerere m'mutu, komanso nambala yawo pamtima sindiidziwa, ndani masiku ano amasunga nambala pamtima. Tinapitiriza kuzungulira, tinaona timanda ta agalu a asilikali tili ndi miyala yolembedwa maina bwinobwino, tinatsika msewu wa Royal Mile, ndinalawa haggis yomwe ndi zamkati za nkhosa zosakaniza ndi oats ndipo sinandidabwitse ine wodya nthumbwana, mdima unagwa cha m'ma 4 koloko, tinakwera sitima.

Tsono taganizani zomwe amayi anaona. Msilikali kumbuyo kwa mwana wawo, chiphokoso, mwana akukuwa kuti ndafa ine, mitambo, kenako mdima.

Nditafika kuchipinda n'kutsegula WhatsApp pa laputopu, gulupu ya banja inali ikuyaka moto. Mlongo wanga analemba kuti achimwene aomberedwa tikuona. Msuweni wa ku Joni anaika chithunzi changa cha pa giraduweshoni pa sitatasi ndi timakandulo. Azakhali anatumiza voisi noti yongolira yokhayokha. Amalume anali atatsegula kale gulupu ina, dzina lake Kubweretsa Thupi, iwo eni ake tcheyamani komanso msungichuma, ndipo anali atafotokozera anthu kuti zinthu ngati zimenezi zimachitika mwana akamayenda ndi anthu a mayiko ena osadziwika bwino. Wina anafunsa kuti kodi laputopu yake ibwera nawo?

Ndinaimba. Anayankha mlongo wanga, atandiona anakuwa n'kuponya foni pampando. Pabalaza panali podzaza amayi a Mvano, nyimbo ili mkati, inangodukira pakati. Amayi anatenga foni, ulendo uno anaigwira bwinobwino nkhope yonse kuoneka, anandiyang'ana nthawi yaitali kenako anati ndivule jekete aone pamene palowa chipolopolo. Ndinavula. Anati nditembenuke. Ndinatembenuka. Ndinafotokoza za 1861 ndi sitima zapamadzi, mayi wina kumbuyo anati, "Azungu ndi mawotchi onse aja?" ndipo palibe anakhulupirira. Amayi anagamula kuti chipolopolo chinakhotetsedwa ndi pemphero, nyimbo inayambiranso koma tsopano yachiyamiko.

Anthu atabalalika amayi anandiimbiranso, mawu atasintha. Anati alendo odzapepesa aja sakanabwerera ndi njala ndiye anapha nkhuku ziwiri, imodzi inali yoikira mazira, kuphatikizapo shuga ndi makala, ndiye nditumize ndalama Lolemba. Amalume nawo ndalama zomwe anthu anasonkha akuti sangabweze chifukwa zina anagulira mayunitsi oimbira abale, zotsalazo azisunga poti munthu ukakhala kunja chilichonse chitha kuchitika. Gulupu ija sanaitseke, anangondiikamo.